Mwana wokulira ku Minneapolis akulirabe chaka cha 2020: yankho kwa azakhali a ku Zomba

Mayi ena a ku Zomba anditumizira imelo. Ndaifupikitsa ndipo mayina ndachotsamo, koma nkhani yake ndi iyi:

"Mwana wa achimwene anga anabadwira kuno koma wakulira ku Minneapolis, ndipo panopa wabwera kudzationa. Ndi mtsikana waulemu, koma ukangotchula 2020 nkhope imagwa, tsiku lina mpaka analira. Akuti chaka chimenecho chinamusokoneza, n'chifukwa chake atamaliza sekondale sanapite ku koleji. Ine zikundidabwitsa. Ana anga anakhala pakhomo miyezi yambiri opanda kompyuta, magetsi akuzimazima, koma sadandaula chonchi. Iye anali ndi laputopu, intaneti, chakudya. Akutinso ankapita ku zionetsero za George Floyd makolo ake akumuletsa. Nkhani za anthu akuda a ku America zimamukhudza bwanji mwana wa Mmalawi? Kodi kumeneku si kulekerera ana?"

Azakhali, zikomo pondikhulupirira, ndipo ndikudziwa kuti mwafunsa chifukwa mwanayo mumamukonda. Ine ndimakhala ku Minnesota konkuno, dera la ku America komwe kuli mzinda wa Minneapolis, ndipo chaka chimenecho ndinali kuno. Yankho langa ndi lakuti ayi, si kulekerera.

Zimene ana anu anakumana nazo sindikuzichepetsa. Kwathuko sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa kolona, makalasi olemba mayeso n'kudzabwerera pa 7 Seputembala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. A Fomu 4 atayamba kulemba MSCE, mayeso anabedwa, anathetsedwa, n'kukalembanso mu Januwale 2021. Amenewo ndi mavuto aakulu. Koma a mwana wa achimwene anu anali a mtundu wina, ndipo muli kutali simungawaone msanga.

Kuno bwanamkubwa wa Minnesota, Tim Walz, analamula kuti pofika pa 18 Marichi sukulu zonse zikhale zitatseka. Tonse tinkati ndi za masabata ochepa. Ana a sekondale za boma mu Minneapolis anadzapondanso m'kalasi mu Epulo 2021, patatha chaka chathunthu. M'dziko lonse la America ana okwana 55 miliyoni ndi amene sukulu zawo zinatsekedwa.

Mwana wa ku Zomba sukulu ikatseka amakhalabe pakati pa anthu. Amatumidwa kumsika, amasewera mpira, amacheza ndi a nyumba yoyandikana, agogo ali pomwepo. Mwana wa kuno amakhala m'nyumba zosanjikizana momwe mwina woyandikana naye khomo sadziwa ngakhale dzina lake. Anzake, chakudya chamasana, masewera, kwaya, mlangizi womumvetsera, zonse amazipeza kusukulu. Sukulu ndiye mudzi wake. Itatsekedwa, matchalitchi, malaibulale ndi mabwalo a masewera anatsekedwanso. Kenako kunabwera dzinja la ku Minnesota, lomwe kumazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo 5 koloko madzulo kumakhala kutada kale.

Kalasi la pa intaneti ndinaliona ndi maso anga kwa ana a anzanga. Mphunzitsi akulankhula, pa sikirini pali timabokosi takuda tokhala ndi mayina okha, chifukwa ana azimitsa makamera. Wina wazimitsa pochita manyazi kuti anzake aona chipinda chimene amagona atatu. Wina ali ndi mng'ono wake pamwendo. Wina wangolowa kuti alembedwe kuti wabwera, n'kufunda bulangete. Mphunzitsi afunsa funso, zii. Afunsanso, wina n'kulemba liwu limodzi. Tsiku latha. Mawa chimodzimodzi.

Ndiye pali makolo. Ambiri a ife ochokera kwathu timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo ntchito imeneyo sinaime. Imfa zambiri za miyezi yoyamba kuno ku Minnesota zinachitikira m'nyumba zosungira okalamba momwemo. Ngati achimwene anu kapena alamu anu ankagwira ntchito yotere, mtsikanayu ankawaona akutuluka m'mawa uliwonse kupita kumene anthu akufa, iye n'kutsala kuphikira azing'ono ake ndi kuwalowetsa m'makalasi awo, lake likudikira. Mantha ake sanali opanda pake. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti ana oposa 140,000 ku America anataya kholo kapena agogo owalera chifukwa cha mliriwu, ndipo pa ana akuda anali mmodzi mwa 310 aliwonse, pomwe pa ana azungu anali mmodzi mwa 753. Chaka chomwecho bungwe la boma loona za matenda la CDC linafunsa ana a sekondale, ndipo 44 mwa 100 aliwonse anati anakhala masabata ali achisoni ndi opanda chiyembekezo mpaka kusiya zochita zawo za tsiku ndi tsiku. Laputopu siichiza zimenezo.

Tsopano pa 25 Meyi 2020. Ana anali atatsekeredwa m'nyumba miyezi iwiri. Madzulo a tsiku limenelo, pa mphambano ya 38th Street ndi Chicago Avenue, apolisi anagwira George Floyd, bambo wa zaka 46, pomuganizira kuti wagulira fodya ndalama yachinyengo ya madola 20. Wapolisi Derek Chauvin anamupanikiza khosi ndi bondo kwa mphindi 9 ndi masekondi 29, iye ali chafufumimba, manja omangidwa ndi unyolo, akudandaula kuti sakutha kupuma, akuitana amayi ake. Chikalata choyamba chimene apolisi anatulutsa chinkakamba za munthu amene wamwalira atadwala mwadzidzidzi. Za bondo munalibe.

Amene anaonetsa dziko zoona zake anali mwana wa sukulu. Darnella Frazier anali ndi zaka 17, ndipo ankaperekeza msuweni wake wa zaka 9 kukagula tinthu mu golosale ya pomwepo. Anatulutsa foni, anajambula osasiya, n'kuika kanemayo pa Facebook. Patatha miyezi 10 anakaima m'khothi ngati mboni, akulira, n'kunena kuti usiku wina amakhala maso akupepesa George Floyd chifukwa sanathe kumupulumutsa. Mtsikana ameneyu ndi wa msinkhu wa mwana wanuyo, wa mumzinda womwewo. Ana a sukulu anaonera kanemayo pa mafoni omwe ankaphunzirirapo, aliyense ali yekha kuchipinda, popanda mphunzitsi wowakhazika pansi kuti akambirane zimene aona.

Masiku otsatira mzinda unayaka. Pa 28 Meyi polisi ya Third Precinct inatenthedwa. Masitolo a mu Lake Street anaswedwa ndi kuotchedwa, ambiri mwa iwo a anthu obwera ngati ife, Asomali ndi a ku Latin America. Kuotchako ine sindikuikira kumbuyo, kunapweteka osalakwa. Mabasi anaima, kunaikidwa lamulo loti 8 koloko usiku aliyense akhale ali m'nyumba, asilikali anadzaza m'misewu, ndege za helikoputa zinkazungulira usiku wonse. Kum'mwera kwa mzindawu mabanja anasowa kogula chakudya ndi mankhwala. Sukulu ya Sanford Middle School inapempha matumba 85 a chakudya kuti ithandize ana ake, ndipo anthu anabweretsa matumba masauzande mpaka bwalo lonse la sukulu linadzaza. Ana ambiri a sekondale anathera sabata imeneyo akunyamula matumba ndi kusesa magalasi m'misewu. Kwa ena kanali koyamba kuonana ndi anzawo maso ndi maso chitsekereni sukulu.

Mwafunsa kuti zimamukhudza bwanji mwana wa Mmalawi. Azakhali, wapolisi akamaimitsa galimoto safunsa kaye kuti kwanu n'kuti. Amadou Diallo anali wa ku Guinea, ndipo mu 1999 apolisi a ku New York anamuwombera zipolopolo 41 ali pakhomo pa nyumba yake, alibe chida. Patrick Lyoya anathawa nkhondo ku Congo, ndipo mu Epulo 2022 wapolisi anamuwombera kunkhongo mumzinda wa Grand Rapids. Ife amene tinabwera kuno tili akuluakulu timadziwa kuti ndife ndani: tili ndi mfunda, tili ndi mudzi, tili ndi kobwerera. Timauzana kuti tinabwera kudzagwira ntchito, tizingokhala phee, tisaononge mapepala. Mwana wokulira kuno alibe pobisala potere. M'kalasi, m'sitolo, pamsewu, iye ndi mwana wakuda basi, ndipo amadziwa zimenezo adakali wamng'ono kwambiri.

Nkhani ina imene imandiwawabe inachitikira ku Michigan. Mu Meyi 2020 woweruza anatumiza mtsikana wakuda wa zaka 15 kundende ya ana chifukwa sankachita ntchito ya kusukulu ya pa intaneti. Anali kale pa chilango choyang'aniridwa chifukwa cha milandu ina, ndipo anali ndi vuto lodziwika lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ana mamiliyoni ankalephera ntchito yomweyo nthawi imeneyo. Iye anakhala m'menemo mpaka pa 31 Julayi, pamene khothi la apilo linamutulutsa atolankhani a ProPublica ataulula nkhaniyi ndipo ana asukulu anzake atachita zionetsero. Kwa mwana wakuda, kutsekedwa kwa sukulu ndi tsankho sizinali nkhani ziwiri zosiyana.

Kodi makolo ake analakwa kumuletsa? Ayi. Kunali utsi wokhetsa misozi, zipolopolo za labala zimene zinaboola anthu maso, kolona wopanda katemera, komanso kwa mwana wopanda unzika kumangidwa kokhako kukanatha kumuonongera tsogolo. Ine ndikanakhala kholo lake ndikanaopanso. Koma mwanayonso sindingamuweruze. Anthu apakati pa 15 ndi 26 miliyoni anayenda nawo pa zionetsero zimenezi m'dziko lonse, ndipo bungwe la ACLED, lowerengera ziwawa padziko lapansi, linapeza kuti zoposa 93 mwa 100 zilizonse zinali zamtendere. Zina ankatsogolera ndi ana asukulu. Ku Nashville atsikana asanu ndi mmodzi amene anadziwana pa intaneti anasonkhanitsa anthu oposa 10,000 pa 4 Juni. Kuno, amene analemba kalata youmiriza University of Minnesota kuti ithetse mgwirizano wake ndi apolisi a mu Minneapolis anali mtsogoleri wa ophunzira, Jael Kerandi, wobadwira ku Kenya, ndipo akuluakulu a yunivesite anauchepetsa mgwirizanowo. Pa 2 Juni komiti yoyendetsa sukulu za mumzindawu inathetsa kontirakiti yoika apolisi m'sukulu, chinthu chimene ana akuda anakhala akupempha kwa zaka. Mwana wanuyo anali m'gulu la anthu amene anasintha zinthu zenizeni, pa nthawi imene china chilichonse pa moyo wake chinali chitaima.

Ndipo sizinathere mu 2020. Mu Epulo 2021, ana akungobwerera kumene m'kalasi, mlandu wa Chauvin uli mkati, wapolisi wina anapha Daunte Wright, mnyamata wa zaka 20, ku Brooklyn Center, pafupi pomwepa. Pa 19 Epulo ana a sukulu zambirimbiri za mu Minnesota anatuluka m'makalasi nthawi imodzi. Mawa lake Chauvin anapezeka wolakwa, ndipo pambuyo pake analamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 ndi theka. M'nyengo imeneyi ndi momwe mwanayo ankayenera kulemba makalata ofunsira malo ku koleji.

Za kolejizo musataye mtima. Kuno khomo silitsekeka munthu akapitirira zaka 18. Pali makoleji a zaka ziwiri, monga Minneapolis College, amene amalandira munthu wa msinkhu uliwonse, ndipo akakhoza amatha kukapitiriza ku yunivesite. Kuyambira 2024 boma la Minnesota lili ndi ndondomeko yotchedwa North Star Promise, yolipirira fizi m'makoleji a boma ana a mabanja opeza ndalama zosakwana madola 80,000 pachaka. Auzeni achimwene anu afufuze ngati mwanayo angayenere.

Pamene ali m'manja mwanumo, chimene ndingakupempheni ndi ichi: musamuuze kuti ana a kuno anavutika kuposa iwe. Akudziwa kale, ndipo mwina n'chimene chikumuchititsa manyazi kulankhula. M'malo mwake mufunseni zinthu zazing'ono muli awiri kukhitchini. Ankaphunzirira chipinda chiti? Azing'ono ake ankawaphikira chiyani? Tsiku loyamba kupita ku zionetsero anapita ndi ndani, anabwera bwanji kunyumba? Alipo mnzake kapena mphunzitsi amene anamwalira? Akayamba kulira musamudule. Muwalolenso acheze ndi ana anu paokha za chaka chimenecho, chifukwa ndikukhulupirira kuti nawonso ali ndi zawo zimene sanakuuzeni.

Mukaona kuti sakugona, sakudya, kapena akulankhula mawu osonyeza kuti moyo watopa nawo, musadikire kuti abwerere kuno. Pitani naye kuchipatala akaonane ndi odziwa za matenda a maganizo, ndipo muwaimbire makolo ake tsiku lomwelo. Akadzabwerera ku America adziwenso kuti nambala ya 988 imayankhidwa usana ndi usiku, ndipo ndi yaulere.