Za sikelo ndi chakhumi: yankho kwa achimwene ogula soya

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwayamba kugula soya ndi mtedza kwa alimi cha ku Kamwendo ku Mchinji, anzanu onse sikelo zawo n'zokonza, pa thumba lililonse amadyapo makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo akukuuzani kuti mukapanda kutero mpamba udzakutherani m'manja. Ndiye mukufunsa ngati Mkhristu angathe kuchita bizinesi imeneyi, komanso ngati kupereka chakhumi mokhulupirika kungakonze zinthu pamaso pa Mulungu. Ena ayankha kale kuti ingosiyani, uvenda ndi uchimo. Ena akuti bizinesi ndi bizinesi, za tchalitchi n'za Lamulungu. Ine mayankho onse awiriwo sindikuwavomera, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene anapachikapo sikelo pamtengo wa mango kwa zaka zingapo.

Za chakhumizo n'zachidule. Ayi. Ndalama yobera mlimi siyera chifukwa choti gawo lake lagwera m'mbale ya chopereka. Pa Mateyu 23:23 Yesu anadzudzula anthu amene ankapereka chakhumi ngakhale cha timasamba tonunkhiritsa ndiwo, koma chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika atazitaya kumbali. Sanawauze kuti aleke chakhumi. Anati izi muzichita osasiya zinazo.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi mmene Baibulo limatchulira sikelo mobwerezabwereza, ngati kuti olemba ake ankakhala pamsika. Miyambo 11:1 imati sikelo yachinyengo imamunyansa Yehova. Deuteronomo 25:13 imaletsa kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba limodzi, waukulu ndi waung'ono. Koma werengani Amosi 8:4-6 ngati muli ndi mtima wolimba. Akunena za amalonda opembedza ndithu, osunga Sabata, koma ali m'mapemphero mtima uli phaphapha kudikira kuti tsikulo lithe akatsegule malonda, achepetse muyeso, akweze mtengo, agulitse ngakhale zosesa za pansi. Zimenezo zinalembedwa zaka zoposa 2,700 zapitazo, koma mukamawerenga mumaona nkhope za anthu owadziwa. Ine ndinaona yanga.

Mmene zinandichitikira ndi motere. Tsiku lina kunabwera agogo ena, a Chigwirizano cha amayi mumpingo wathu womwe, atasenza mtedza wosenda. Ndinayeza, ndinawauza makilogalamu ochepa kusiyana ndi enieni, ndinawawerengera ndalama. Analandira ndi manja awiri, nagwada pang'ono, nati, "Ambuye akudalitseni, mwanangu." Sabata yomweyo kunali Mgonero. Iwo anakhala kutsogolo kwanga, atavala yunifolomu yawo yoyera. Mkate uja unandikakamira pakhosi. Madzulo ndinatenga kope n'kuwerengera: makilogalamu awiri pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti pa matumba 25 aliwonse limodzi ndimalitenga ulele. Thumba lathunthu, la anthu amene analima ndi khasu, ena feteleza wake ali wangongole. Mpaka tsiku limenelo ndinkazitcha luso la bizinesi.

Tsono musamve ngati ndikuti musiye. Pamene okhometsa msonkho anapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa choti achite, iye sanawauze kuti atule pansi ntchito. Anati asamalandire zoposa zimene analamulidwa. Asilikali anawauza kuti asamalande za anthu, akhutire ndi malipiro awo. Zili pa Luka 3:12-14. Alimi akufunika ogula, makamaka kumidzi kumene misika ya ADMARC imatsegulidwa mochedwa kapena ndalama zogulira zimatha msanga. Akhristu onse akathawa pasikelo, padzatsala ndani? Yesu anayerekeza Ufumu wa Mulungu ndi chotupitsa chimene mayi anachisakaniza mu ufa. Chotupitsa chokhala m'paketi pashelefu sichitupitsa kanthu. Kwa inu ufawo ndi pamene mwaunjika matumba anupo.

Mfundo yake ndi iyi: phindu lanu lichokere pa mtengo, lisachokere pa sikelo. Khalani pansi muwerengere zonse, mayendedwe, matumba, chiphaso cha pamsika, mlonda, anyamata onyamula, ndi kupepuka kwa mbewu ikamauma m'nyumba. Mukatero mudzadziwa mtengo umene mungagulire osaluza. Umenewo ulembeni pa katoni, mlimi auone, asankhe yekha. Dziwaninso mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka chilichonse nyengo yokolola ikamayandikira. Sikelo yanu ikayesedwe ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Podikira zimenezo, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chodzaza bwino chizionetsa makilogalamu 20 n'kuwonjezerapo kulemera kwa chigubucho. Muzichipachika pamaso pa anthu m'mawa uliwonse. Ine ankandiseka nazo, kumati abusa afika.

Anzanuwo adzakuuzani kuti alimi nawonso amabera. N'zoona. Ena amathira mchenga ndi timiyala mu soya, ena amawaza madzi mtedza kuti ulemere, ndipo mtedza wonyowawo ndi umene umachita chuku chodwalitsa anthu. Koma mankhwala ake si kubera onse, kuphatikizapo agogo osalakwa. Khuthulani thumba pa lona, mupete, muone limodzi ndi mwini wake. Ngati pali zinyalala kapena chinyezi, nenani poyera kuti apa ndichotsapo kilogalamu imodzi pa chifukwa ichi, kapena bwererani mukayanike. Zochotsa zimene mlimi waziona n'kuvomera si kuba.

Ndisakunamizeni, zimapweteka. Wa sikelo yokonza amatha kulemba mtengo wokwera kuposa wanu chifukwa akudziwa kuti abweza pa makilogalamu, ndipo anthu amathamangira nambala yaikulu. Chaka choyamba ndinagula zochepa kwambiri, mayi akunyumba mpaka anandifunsa ngati kupempheraku kudyetsa ana. Pambuyo pake ena anayamba kubwerera, chifukwa mlimi si wopusa, amayeza ndi ndowa yake kunyumba asananyamuke. Koma sindinalemere, ndipo ena mwa obera aja anamanga nyumba zamalata ine ndisanamange. Aliyense wokuuzani kuti mukachita chilungamo ndalama zidzagwa ngati mvula akukugulitsani uthenga wa sikelo yokonza nawonso.

Chinanso chaching'ono, anyamata a ganyu amene amakweza matumba m'lole muziwalipira tsiku lomwelo. Deuteronomo 24:15 imati dzuwa lisalowe malipiro a mmphawi ali m'thumba mwanu. Mawu akuti "ubwere mawa" ndi sikelo inanso.

Za zimene mwatenga kale, Zakeyu analonjeza kubweza kanayi. Ine sindinakwanitse kanayi, ndipo ambiri amene ndinawabera sindikanatha kuwapeza. Amene ndinkawadziwa ndinawayendera. Kwa agogo aja ndinapita madzulo, ndalama zili mu envulopu, mawu ndawakonza njira yonse. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde. Nditamaliza kufotokoza sanaoneke odabwa ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ndowa yanga ndimaidziwa, mwanangu. Ndinaona tsiku lomwe lija." Anawerenga ndalamazo kawiri, nazimanga pansonga ya chitenje, kenako anaitana mdzukulu wawo kuti anditengere mpando.