Funsani Dokotala: Kodi asilikali a m'thupi angavulaze mtima?

Funso: Adokotala, bambo anga anagonekedwa m'chipatala mtsempha wamagazi wa mumtima utatsekeka. Anatiuza kuti asilikali a m'thupi akuwonjezera kutupa mumtimamo. Ine ndimadziwa kuti asilikali amateteza. Kodi ndiwagulire mankhwala owonjezera chitetezo?

Yankho: Pepani ndi matendawa, koma mankhwalawo musagule. Asilikali a bambo sanachepe ayi. Nkhani yagona pa asilikali amene ali pantchito.

Mtima uli ndi asilikali akeake, otchedwa macrophage, amene ambiri amakhazikika mmenemo mwana akadali m'mimba. Awa ndi eni mudzi. Kumenya nkhondo si ntchito yawo yaikulu. Mtima umagunda ka 100,000 patsiku, ndipo maselo a mnofu wake amataya tizidutswa totha ntchito. Eni mudziwa ndi amene amasesa, monga anaonetsera akatswiri a ku Madrid mu 2020. Chimene chimandidabwitsa ine kwambiri ndi cha 2017: ofufuza a ku Boston anapeza asilikaliwa atamatirana ndi maselo opititsa mphamvu yogunditsa mtima. Atachotsa asilikaliwa mu mbewa zoyeserera, kugunda kwa mtima kunasokonekera.

Mtsempha ukatsekeka, eni mudzi ambiri a pamalopo amafa. Pamenepo pamakhamukira asilikali ena, alendo ochokera m'mafuta a m'mafupa ndi m'kapamba (spleen). Amafunika ndithu, chifukwa amachotsa mnofu wakufa kuti chilonda chipole. Koma akachedwa kuzizira, kutupa kumapitirira, chipsera chimakula, ndipo chipsera sichipopa magazi. Ndipamene munthu amayamba befu ndi kutupa miyendo.

Kafukufuku wa CANTOS, wa anthu oposa 10,000, anaonetsa mu 2017 kuti mankhwala ochepetsa kutupa a canakinumab amachepetsa kubwereranso kwa vuto la kutsekeka kwa mtsempha wa mumtima, komabe anthu ofa ndi matenda opatsirana anachulukirapo. Nchifukwa chake sitisewera ndi chitetezo mwachisawawa.

Bambo amwe mankhwala amene anapatsidwa osadumphitsa, makamaka a BP, ochepetsa mafuta m'magazi ndi oletsa magazi kuundana. Fodya asiyiretu, mchere achepetse. Akadwala mutu kapena msana asamwe ibuprofen kapena diclofenac asanafunse dokotala, chifukwa amalemetsa mtima wovulala. Mukaona akubanika pogona chagada, kapena chifuwa chikuwawanso, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.