Kodi woweruza azingotsata zolembedwa basi?

FUNSO: Ndimaphunzira zamalamulo, kwathu ndi ku Ntcheu. Anzanga ena akuti woweruza azimasulira lamulo momwe linalembedwera basi. Tikonze bwanji mtsutso pankhaniyi?

YANKHO: Maganizowa anatchuka ku America ndi woweruza Antonin Scalia komanso bungwe la odziwa malamulo la Federalist Society, lomwe linayamba mu 1982. Musangowatengera: gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko lino limauza makhoti kuganiziranso mfundo za demokalase.

Tsutsanani pa gawo 80(2) la malamulo omwewo, lomwe limanena za kasankhidwe ka pulezidenti. Mu 2000, pa mlandu wa Chakuamba, khoti linati pulezidenti ndi amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake. Mu 2020, pomasulira gawo lomweli, khoti linati wopambana apose theka la mavoti onse. Mbali iliyonse ipatseni mphindi 10, koma iyambe yawerenga zigamulo zonse ziwiri. Ambiri amagwa chifukwa chodalira za m'nyuzipepala.