Mwafunsa: N'chiyani chimakokera anyamata ku mfuti?

Funso: Mwana wanga wa zaka 16 amangokhalira kuonera za ku Palestine pafoni. Wandifunsa chifukwa chake anyamata akumeneko amanyamula mfuti. Ndimuyankhe bwanji? — Mayi wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg

Yankho: Mayi, yambirani pafupi, ku Soweto konkuno. Pa 16 June 1976 apolisi anawombera ana asukulu amene ankakana kuphunzira m'Chiafrikaans. Miyezi yotsatira, achinyamata ambirimbiri anadutsa malire kukalowa Umkhonto we Sizwe, gulu la zida lolimbana ndi boma la tsankho, lomwe linakhazikitsidwa mu 1961.

Ku West Bank, dera la ku Palestine lomwe asilikali a Israel analanda mu 1967, njira yake njofanana. Mwana amayamba ndi kuona: bambo ake aimitsidwa pachipata cha asilikali n'kusechedwa iye akuyang'ana, chitseko chathyoledwa pakati pa usiku, mchimwene wake watengedwa. Kenako sukulu imatsekedwatsekedwa, ntchito kulibe, tsiku lonse amathera mumsewu ndi anzake okwiya.

Choopsa kwambiri, m'kuona kwathu, ndi ndende. Mnyamata womangidwa chifukwa choponya mwala amakakumana ndi akuluakulu a magulu a zida, ndipo potuluka amapeza dera lonse likumupatsa ulemu umene sanaulandirepo. Akadzaika mnzake m'manda, kumubweza kumavuta.

Muuzeninso kuti ambiri salowa m'magulu amenewa, ndipo olowawo kawirikawiri amafa akadali aang'ono kapena kupha anthu osalakwa. Khalani naye pansi muonere limodzi mavidiyowo, chifukwa ena amakonzedwa ndi magulu omwewo pofuna kukopa anyamata.