Tizilombo ta m'matope a pansi pa nyanja: yambani ndi maonekedwe a thupi, dzina libwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati tizilombo mwasefa m'matope a pansi pa nyanja yamchere tija ndi ana a nkhanu, komanso mmene mungadziwire dzina la kalikonse. Dzina lenileni la mtundu silituluka pa chithunzi cha foni, ndipo wina akakutchulirani msangamsanga musafulumire kumukhulupirira. Koma gulu lake mungalidziwe nokha lero lomwe, mukakhala ndi galasi lokulitsa zinthu.

Tambiri mwa tizilomboti si tiana ayi, ndi tatikulu kale, msinkhu wake ndi womwewo. Ana a nkhanu akangoswedwa amayandama m'madzi, ndipo safanana n'komwe ndi makolo awo. Magulu anayi a tizilombo ta zigoba amene amachuluka m'matope, amphipod, isopod, cumacean ndi tanaid, ali m'banja limodzi lalikulu lotchedwa Peracarida, ndipo kakakazi kamasunga mazira m'kathumba kunsi kwa chifuwa mpaka ana atatuluka akufanana ndi mayi wawo. Tembenuzani kamodzi chagada. Mukaona timazira tapanikizana pakati pa miyendo, nkhani ya ana a nkhanu yathera pomwepo.

Tsopano yang'anani mmene thupi laphwatalalira. Amphipod imakhala ngati yafinyidwa m'mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake m'mbale imagona chammbali itapindika msana. Isopod ndi yophwatalala kuchokera pamwamba ngati yapondedwa, ndipo miyendo yake, 7 mbali iliyonse, imafanana. Tizilombo totuwa timapezeka pansi pa miyala yonyowa kumtunda tija ndi isopod yomweyo. Cumacean ndiye sasoweka: kutsogolo chigoba chofufuma, kumbuyo kamchira kowonda kothera ndi mphanda, ngati mbululu. Mtundu wa cumacean wotchedwa Diastylis umapezeka kwambiri m'matope a nyanja zozizira za kumpoto.

Tanaid ndi imene imasokoneza anthu. Poiona koyamba mungati ndi isopod yowonda, koma miyendo yake yoyamba ili ndi zopanira ngati za nkhanu. Apa muwerenge zigawo za thupi zoonekera kuseri kwa mutu: pa tanaid zimakhala 6, chifukwa china chinalowa pansi pa kachigoba ka kumutu, pomwe pa amphipod ndi isopod zambiri zimakhala 7. Ine kuwerengaku ndimakudalira kuposa mtundu wa khungu, poti khungu limasuluka kachilombo kakangokhala mu ethanol.

Lamulo la kuphwatalala lija lili ndi okana ake, ndipo okanawo amakhala m'matope momwemo. Corophium volutator ndi amphipod, koma thupi lake silinafinyike m'mbali ngati anzake. Chimaiulula ndi nyanga zake zachiwiri, zazikulu zonenepa, makamaka pa kakamuna, moti zimaoneka ngati mikono. Imatalika pafupifupi mamilimita 10 ndipo imakumba una wopindika ngati chilembo cha U. Ku Bay of Fundy ku Canada, mbalame za m'mphepete mwa nyanja zimanenepa ndi kachilombo kameneka zisanauluke ulendo wautali wopita ku South America. Palinso isopod za m'banja la Anthuridae, zazitali zobulungira, zomwe munthu wothamanga amaziika pamodzi ndi nyongolotsi.

Musataye timachubu ta matope totsalira mu sefa. Amphipod yotchedwa Ampelisca imamanga timachubu totere n'kukhala m'kati, ndipo pamalo ena timachubuto timayala pansi pa nyanja ngati mphasa. Anangumi otchedwa gray whale amayamwa matope otere ku Bering Sea kuti adye tizilomboti. Mukang'amba kachubu mosamala mwini wake mumupeza. Tinthu tooneka ngati njere zokhala ndi zigoba ziwiri, timiyendo tikusuzumira pampata, ndi ostracod. Palinso gulu lina lotchedwa copepod, koma a m'matope ambiri safika milimita imodzi, ndiye ngati munagwiritsa ntchito sefa ya mabowo a mamilimita 0.5, ambiri anapita ndi madzi.

Kuchoka pa gulu kufika pa dzina la mtundu ndi ntchito ya maikulosikopu ndi singano ziwiri. Pa amphipod, mabuku ozindikiritsa amakufunsani zinthu zing'onozing'ono: kodi nyanga yoyamba ili ndi kanthambi kapadera, miyendo yogwirira ya kutsogolo, iwiri mbali iliyonse, yaumbika bwanji, kachipepeso ka kumapeto kwa mchira, kotchedwa telson, n'kogawanika kapena n'kathunthu. Vuto n'lakuti ziwalo zomwezi ndi zimene zimathothoka mukasefa ndi madzi amphamvu. Muviike sefayo m'beseni la madzi a m'nyanja n'kumaigwedeza pang'onopang'ono, osathira madzi pamwamba. Ndipo musankhe tatikulu, makamaka tatimuna, poti mabuku ambiri amadalira ziwalo za kakamuna kokhwima. Kakakazi ndi kakamuna ka mtundu umodzi timasiyana mpaka munthu kulemba mayina awiri.

Posunga, ethanol ya 70 peresenti ndi yokwanira ngati mukungofuna kuona maonekedwe. Ngati mukuganiza zodzayeza DNA, pomwe amakonda kuwerenga jini yotchedwa COI, ikani tina mu ethanol ya 95 peresenti kapena kuposa, ndipo tisakhudzane ndi formalin, mankhwala ena oteteza zinthu kuti zisawole, chifukwa imawononga DNA. Ena amathira utoto wa Rose Bengal kuti zamoyo zifiire n'kuonekera pakati pa zinyalala. Umathandiza potola, koma ukachuluka umabisa tiubweya timene mukufuna kuwerenga. Kapepala kolemba malo, tsiku ndi kuya kwa madzi mukalembe ndi pensulo n'kukaika m'kati mwa botolo, osati kunja.

Buku lozindikiritsa likhale la nyanja imene munatolako matopewo. Mukatenga la ku Ulaya n'kuyesera tizilombo ta ku Indian Ocean, lidzakufikitsani ndithu pa dzina, koma la kachilombo kena. Dzina mwapezalo mulifufuze pa WoRMS, kaundula wa pa intaneti wa mayina a zamoyo za m'nyanja, poti mayina amasintha. Mu 1997 akatswiri Bousfield ndi Hoover anagawa gulu la Corophium n'kutulutsamo mayina ngati Monocorophium ndi Apocorophium, ndiye buku lakale ndi latsopano angatchule kachilombo kamodzi mosiyana. Pomwe mwakakamira, lembani dzina la gulu n'kuwonjezera sp., kusonyeza kuti mtundu weniweni sunadziwike. Akatswiri nawonso amatero.

Mukajambulanso, ikani kamodzi kokha m'timadzi tochepa, pansi pakhale pakuda, rula pambali, chithunzi china chammbali china chapamwamba. Mutiuzenso nyanja yake ndi kuya kwake, tikuthandizeni kuwerenga zigawozo.