Aphunzitsi, musanasankhe wapampando gulani kaye tepi yoyezera

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale cha ku Nkopola. Akuti iwo ndi anzawo asanu ali ndi timaboti ta matanga tinayi: Laser yakalekale imene anagula kwa mzungu wina pobwerera kwawo, Mirror yong'ambika thanga, ndi tiwiri tamatabwa tokhoma amisiri a padoko. Ana asukulu ayamba kudzazana pagombe kufuna kukwera. Funso lawo ndi ili: "Tikufuna kuyambitsa mipikisano komanso bungwe loyendetsa masewerawa. Tiyambire pati? Tisankhe kaye komiti n'kukalembetsa kuboma, kapena tiyambe tasaka maboti ena?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri polemba. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa zimene mukufunazi ndakhala ndikuzilakalaka kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri. Nyanja tili nayo pakhomo, mphepo ndi yaulere, ana athu amayamba kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina. Koma mpikisano wa matanga umene anthu ambiri amaudziwa ndi uja wa mtunda wautali wa mu Julayi, wochokera kuno kummwera kulowera kumpoto makilomita oposa 500, ndipo maboti ake ndi aja a mimba ziwiri, amene mwana wa msodzi amangowaonera patali.

Komiti ibwere pambuyo. Choyamba gwirizanani boti limodzi.

M'masewerawa muli mabungwe a mitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Pali kalabu, imene imakhala ndi gombe lake, shedi yosungira katundu ndi tsiku lokumana. Ndiye pali bungwe la mtundu wa boti, limene azungu amati class association. Ili ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: kuonetsetsa kuti maboti onse a mtunduwo ndi ofanana, kutalika, kulemera, kukula kwa thanga, kuti wopambana apambane ndi mutu ndi manja ake, osati ndi thumba la bambo ake. Misonkhano, ziphaso, zikho, zonsezo zimangotsatira. Ngati mulibe boti limene mwagwirizana kuti "lathu ndi ili", wapampando wanuyo azidzayang'anira chiyani?

Poti mwatchula ana asukulu, ine ndingakulozereni Optimist. Kabotika kanabadwa mu 1947 ku Clearwater, m'chigawo cha Florida ku America. Mkulu wina dzina lake Clifford McKay anapempha mmisiri wa maboti Clark Mills kuti ajambule kaboti ka ana kosapitirira madola 50, koti bambo ndi mwana wake akhoza kukhoma okha ndi plywood. Mills anakapanga ngati bokosi, mphuno yake yaphwatalala, pansi pafulati. Kutalika ndi mamita 2.3 okha, thupi lake lolemera makilogalamu 35, thanga limodzi laling'ono loposa pang'ono masikweya mita atatu. Ana awiri amakanyamula. Amalonda a m'tauniyo ndi amene ankalipirira maboti oyambawo, aliyense lake, ana n'kumakwera. Lero kabotika kali m'mayiko oposa 100, bungwe lake la dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mwana amapikisana nako mpaka chaka chimene akukwanitsa zaka 15. Ambiri mwa amene amapikisana pa matanga ku Olympics anayambira m'kabokosi komweka.

Chimene chimandikopa n'chakuti amisiri athu a ku Mpwepwe, Malembo kapena Monkey Bay amakhoma maboti ovuta kuposa aka tsiku ndi tsiku. Chofunika ndi pulani imodzi, chikombole chimodzi, ndi plywood yolimba ku madzi, osati ya siling'i. Mukhome asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, mmisiri mmodzi, matanga asokedwe ndi telala mmodzi pa pateni imodzi. Maboti amenewa mwina sangakwane miyezo yonse ya bungwe la dziko lonse, chifukwa malamulo awo amafika mpaka pa mamilimita. Zimenezo zisakudetseni nkhawa panopa. Afanane okhaokha kaye.

Ndikukakamira nkhani ya kufanana chifukwa ndinaona ndi maso anga gulu likutha. Zaka zingapo zapitazo tinali ndi timaboti tamatabwa sikisi pagombe lina kuno. Loweruka lililonse ana ankapikisana, ndipo ankasinthanasinthana kupambana. Panali mtsikana wina wa Fomu 1, wochepa thupi, amene ankadziwa kuwerenga mphepo pamadzi kuposa tonse. Ankati akaona madzi akuda patsogolo, watembenuka kale kuthamangira komweko anzake akadali kuyang'ana thanga. Tsiku lina bambo wina, amene ankatigulira petulo wa boti lopulumutsira, anabwera ndi thanga latsopano la mwana wake. Titaliyala pamchenga pambali pa linzake, m'munsi mwake linatalika ndi chikhatho chathunthu. Tonse tinaona. Palibe anayankhula, poti munthu wake ndi amene ankatithandiza, komanso tinalibe pepala lililonse lonena kukula kwa thanga. Mnyamata uja anapambana Loweruka limenelo, lotsatira, ndi linanso. Ulendo wachinayi ndinapeza mtsikana uja atakhala pansi pa mtengo, jekete yake yoyandamitsa ili pamiyendo, kaboti kake kali chafufumimba pamchenga. Nditamufunsa anangoti, "Ankolo, nanga ndikalowerenji?" Pasanathe miyezi itatu makolo ena awiri anakulitsanso matanga, otsalawo anasiya kubwera. Madzi akatayika saoleka. Maboti aja anaolera kuseri kwa nyumba za eni ake.

Choncho udindo woyamba kusankha ndi wa woyeza maboti. Akhale munthu wopanda mwana m'mpikisano, wosaopa nkhope, ndipo malamulo anene poyera kuti pa nkhani ya miyezo wapampando sangamugonjetse. Zida zake n'zochepa: tepi, sikelo yopachika ngati ya ogula nsomba zouma, kope lachikuto cholimba, ndi pentopeni yosafufutika. Boti lililonse lipatsidwe nambala, ilembedwe pathupi ndi pathanga. M'kopemo alembe kutalika, mulifupi, kulemera, malo a mlongoti, kukula kwa tsigiro ndi kwa thabwa lija lolowa m'madzi pakati pa boti. Thanga aliyale pansi, aliyeze mbali zonse, asayine pakona ndi kulemba deti. Thanga lopanda siginecha lisalowe m'madzi tsiku la mpikisano, ngakhale mwini wake akhale mwana wa amfumu. Boti likapepuka kuposa muyezo, amangirire kachitsulo kapena thabwa mkati mpaka lifike. Ndipo lamulo loyamba m'buku lanu likhale lija limene mabungwe a Optimist ndi Laser amayendera: chilichonse chimene malamulo sananene kuti n'chololedwa, n'choletsedwa. Mukalemba mosemphanitsa, kuti choletsedwa ndi chokhacho mwatchula, anthu ochenjera azikupezerani mpata chaka ndi chaka.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife osauka tokha. Laser yanuyo inajambulidwa ndi Bruce Kirby wa ku Canada, inayamba kugulitsidwa mu 1971, ndipo yakhala pa Olympics kuyambira 1996. Mu 2019 bungwe lake linalanda chilolezo kampani yaikulu imene inkapanga mabotiwa ku Ulaya, ponena kuti inakana kuti oyendera alowe m'fakitale kukaona ngati akupangidwa mofanana. Dzina lakuti Laser linatsalira kampaniyo, n'chifukwa chake lero mabotiwa mumamva akutchedwa ILCA 7, ILCA 6 ndi ILCA 4, kutengera chidule cha dzina la bungwelo ndi kukula kwa thanga. Bungwe linalolera kutaya dzina lotchuka kusiyana n'kutaya muyezo.

Nanga maboti anayi muli nawo kalewa? Musawataye. Pali njira yopikisanitsa maboti osiyana yotchedwa Portsmouth Yardstick, imene bungwe la Royal Yachting Association la ku Britain limayendetsa. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, lothamanga nambala yaing'ono, lochedwa yaikulu. Mumatenga masekondi amene boti latha, kuchulukitsa ndi 1,000, kugawa ndi nambala yake. Laser imakhala cha m'ma 1,100, Mirror kuyandikira 1,400. Tiyerekeze Laser yatha mphindi 40, Mirror mphindi 49. Ya Laser ituluka 2,182, ya Mirror 2,100, ndiye kuti Mirror yapambana ngakhale inafika mochedwa. Awiri okhoma padokowo muwapatse nambala zongoyerekeza, muzizikonza pakatha mipikisano isanu iliyonse. Njirayi ndi yabwino kwa akuluakulu. Kwa ana imagwetsa ulesi, chifukwa mwana amafuna aone yekha kuti wadutsa mnzake, osati kudikira aphunzitsi a masamu ndi kakyuleta.

Za tsiku la mpikisano sizifuna ndalama zambiri. Zigubu zachikasu za malita 20 zitatu, chingwe ndi mwala, mwapeza zizindikiro zozungulira. Chimodzi muchiike kumene mphepo ikuchokera, kuti gawo loyamba likhale lokwera mphepo mokhotakhota. Pamenepa ndi pamene ana a asodzi amadabwa, poti anazolowera kukweza thanga mphepo ikakhala kumbuyo basi. Thabwa lapakati lija ndi limene limaletsa boti kutsetsereka cham'mbali, n'kumakwera. Poyambira muzitsata ndondomeko ya m'malamulo a World Sailing, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, amene amakonzedwanso zaka zinayi zilizonse: wezulo ndi mbendera kutatsala mphindi 5, kenako 4, kenako 1, kenako kunyamuka. Mbendera dulani pa zidutswa za chitenje. Malamulo a pamadzi aphunzitseni atatu poyamba. Amene mphepo ikumumenya kuchokera kumanzere apatukire amene ikumumenya kuchokera kumanja. Onse ikawamenya mbali imodzi, amene ali kumtunda kwa mphepo apatuke. Wochokera kumbuyo asagunde wakutsogolo. Wolakwira mnzake adzilange yekha pozungulira kawiri, wogunda chigubu kamodzi. Mapointi ndi osavuta: woyamba 1, wachiwiri 2, wochepa mapointi ndiye katswiri, ndipo aliyense amaloledwa kutaya mpikisano umodzi umene anachita moipitsitsa.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nyanja iyi si damu. Chipilala chokumbukira Vipya, sitima imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, chili pa boma pomwepa pafupi ndi wotchi ija. Lamulo loyambirira m'buku la World Sailing silinena za kupambana. Limati woyendetsa boti athandize aliyense amene ali pangozi. Mwera wa Meyi mpaka Ogasiti umadzuka msanga ndipo umakula dzuwa likamakwera. Kumbali ya Chembe gombe linafulatira mwera, ndiye pamchenga pamaoneka bata, koma mwana akagubuduka mphepo imamukankhira kunyanja yaikulu, osati kumtunda. Kwanuko ku Nkopola muziopa mpoto wa nthawi ya dzinja, umene umabwera ndi mafunde ochokera kutali. Lembani m'malamulo kuti popanda boti la injini pamadzi, lokhala ndi anthu awiri ndi petulo wokwanira, palibe mpikisano. Mwana aliyense avale jekete yoyandamitsa, asonyeze kuti amatha kusambira, ndipo phunziro lake loyamba likhale kugubuduza kaboti dala pamadzi ofika m'chifuwa, kukadzutsa, kukwera ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula. Mkati mwa kaboti mukhale zoyandamitsa zomangidwa bwino. Pewani kumabango ndi kufupi ndi pamene Shire amatulukira, kuli mvuu ndi ng'ona, komanso likodzo limakonda madzi odekha oterowo. Musanaponye chigubu chilichonse kaonaneni ndi amfumu ndi a komiti ya padoko, akuuzeni kumene kuli matchera. Thabwa lapakati likakola ukonde wa munthu, mlandu wake udzakulandani gombe lonse.

Tsopano komiti imene munafunsa ija. Anthu asanu akwana: wapampando, mlembi, msungichuma, woyeza maboti ndi woona za chitetezo. Mpando umodzi upite kwa mayi, apo ayi makolo a atsikana sadzawalola. Zopereka zikhale zochepa zoti wogulitsa usipa akwanitse, zilowe pa nambala ya bungwe ya Airtel Money kapena Mpamba, osati ya munthu, ndipo msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse. Voti ikhale imodzi pa boti. Kusintha lamulo la miyezo kuzichitika pa msonkhano waukulu wa pachaka pokha, ndi mavoti awiri mwa atatu alionse, ndipo kuziyamba kugwira ntchito chaka chotsatira. Wothandiza ndi ndalama alembedwe dzina pambali pa boti ngati ankachitira a ku Clearwater, koma voti asakhale nayo. Ngati n'kotheka maboti a ana akhale a bungwe, ana azichita mayere m'mawa kuti adziwe lokwera. Mipikisano ikhale Loweruka, poti Lachisanu ena ali ku mzikiti, Lamlungu ena ku tchalitchi, ndipo mwezi wa Ramadan muupumire.

Kulembetsa kudikire mpaka mutatha chaka chimodzi muli pamadzi. Mukadzapita ku Malawi National Council of Sports mutanyamula malamulo anu, kope la miyezo ndi zotsatira za mipikisano khumi, adzakumverani mosiyana ndi munthu amene wangobwera ndi mayina a komiti.

Loweruka likubwerali itanani anzanu asanu aja ndi mmisiri mmodzi amene mumamukhulupirira. Tulutsani maboti anayiwo pamchenga, muwayeze onse ndi kulemba m'kope, kuti dzanja lizolowere. Mufunse mmisiriyo mtengo wa timaboti sikisi tofanana. Mukandilemberanso mundiuze mtengowo ndi gombe limene mwasankha, ndidzabwera ndi sikelo yanga.