Mavalavu a tabo: obwera ndi injini kapena oitanitsa? Yankho kwa achimwene a ku Moatize

Achimwene ena a ku Moatize andilembera imelo sabata yathayi, akuti amasula injini ya Mark II yawo, ya 1JZ-GTE ija, hedi ili pa tebulo, akufuna boost, kutanthauza mphamvu imene tabo (turbo) imakankhira mpweya mu injini, izifika 1 bar, ndiye akufunsa kuti abwezeremo mavalavu omwewo kapena aitanitse a Supertech kapena Ferrea, makampani opanga mavalavu a magalimoto a mpikisano. Achimwene, mwandikanda pachilonda. Funso lomweli ndi limene linandigonetsa panjira ine, ndiye mundipirire ndiyambe ndafotokoza.

Ndinali ndi ka Starlet Glanza, injini 4E-FTE ya 1.3, mavalavu 16, katabo kake kakang'ono ka CT9. Kagalimoto kanalibe vuto lililonse, odwala ndinali ine. Usiku uliwonse pa YouTube kuonera anthu akumanga mainjini, zitsulo zili waliwali, mtima kumangoti inenso zimenezi. Msuweni wanga amayendetsa lole ya ku Johannesburg kudzera pa Cuchamano, ndinamutuma, anandibweretsera kabokosi kolembedwa racing basi, dzina la fakitale palibe, pepala lonena kuti ndi chitsulo chanji palibe. Ine kusangalala ngati ndatola chikwama. Ndalama yake inali ya malata a khitchini, mayi akunyumba mpaka lero mvula ikangoyamba amandiyang'ana osayankhula.

Anandiikira mavalavuwo ndi mestre (makaniko) wina muno mu Tete, dzina sinditchula. Anangopekesa pang'ono ndi phala lija lokwechera, mipando ya mavalavu osaidula, mpata wa ma shim, tizitsulo tosinthira mpata wa valavu, osauyeza, akuti dzanja lawo limadziwa. Inenso ndinavomera, nanga munthu wa imvi ungamutsutse? Kenako ndinakweza boost ndi kavalavu kopotokola pamanja kaja, mafuta osawonjezera, geji yoonera ngati mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya ndinalibe.

Inali Novembala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, madigiri 40 kupitirira, phula kuchita kumata sapato. Ndinanyamuka wa ku Ulongwe ku chinkhoswe cha mlongo wanga, mgalimoto anthu anayi ndi makreti kumbuyo. Tadutsa Moatize, takhota pa Mussacama, tayamba kukwera, kutsogolo lole ikufuka utsi, ndinaponya giya yachitatu nkuponda mpaka pansi, ndipo ndinapondabe nthawi yaitali chifukwa kutsogolonso kunali ina. Ndikubwerera kumbali kwanga injini inayamba kutsimphina, kunjenjemera, mphamvu zii. Tinagona pompo, udzudzu utipeze. Chinkhoswe tinachionera pa WhatsApp.

Titatsegula, valavu imodzi ya ekizozi inali itadyeka m'mphepete, kadzenje ngati pamene khoswe waluma sopo. Enawo anali otuwa mbee.

Kwa nthawi yaitali ndinkanyoza mavalavuwo, ndipo inde anali achabechabe, koma pano ndimanena mosaopa kuti ngakhale akanakhala odula bwanji akanapsabe. Valavu ya ekizozi imakhala m'moto wa madigiri 700 mpaka 800, madzi saikhudza, oyilo amangonyowetsa mwendo wake. Imazizira ikatseka nkukhudza mpando wake, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kutenthako amatulukira pamenepo, otsalawo amadutsa mu gaidi, kapaipi kamene mwendo wake umayendamo. Ndiye mpata ukathina, valavu ikatentha imatalika, siikhalanso pansi bwinobwino, moto umapeza kanjira nkuyamba kudula ngati wa owotcherera mageti. Onjezani mafuta ochepa, onjezani taimingi yochedwa imene imachititsa kuti moto uzitulukabe uli lawilawi valavu ikutseguka, mwamaliza.

Nchifukwa chake zimandinyansa ndikamva anyamata pa oficina akuti ndaika mavalavu a racing galimoto ikuuluka. Bodza. Valavu yofanana kukula ndi yakale siikupatsani mphamvu yoti mungaimve pa mpando. Ndipo anthu omwewa ndi amene amathira petulo wa m'zigubu panjira, wosadziwika kuti wasakanizidwa ndi chani, intakula yoziziritsira mpweya wa tabo ija yodzaza fumbi la malasha, redieta yomata ndi sopo. Mavalavu a madola, fyuwelo pampu ya zaka 25. Ine zimenezi ayi. Injinitu ya tabo yochokera ku fakitale anaipanga akudziwa kale kuti muli moto, enanso monga 1.8T ya Volkswagen ndi 4G63 ya Lancer Evolution mavalavu awo a ekizozi ndi obowoka mkati, muli sodium amene amasungunuka pa madigiri 98 nkumakhutchumuka kunyamula kutentha kuchoka kumutu kupita kumwendo. Munthu nkuchotsa zimenezo kuikamo za kabokosi kopanda dzina, ngati ine uja.

Nanga zitsulo zake?

Mukamaona 21-4N ndi chitsulo chosachita dzimbiri chimene chimagwira bwino ntchito ku ekizozi, mavalavu ambiri abwino ndi amenewo. Inconel ndi msakanizo wa nickel ndi chromium, umapirira moto kuposa pamenepo, ndipo ngati pali valavu yoyenera kuitayira ndalama pa tabo ndi imeneyi, ya ku ekizozi yokha. Mbali yolowera mpweya imaziziritsidwa kale ndi mpweya ndi petulo. Titanium ndi yopepuka zedi koma ndi ya ampikisano othamangitsa injini kwambiri, imafuna mipando yakeyake, pa galimoto yopitira ku Zóbuè isiyeni. Mavalavu okulirapo ndi 1 mm amafuna wodula mipando wodziwa ntchito ndi makina ake, apo ayi mwangoononga hedi.

Chimene anthu amaiwala ndi masipuling'i. Akatopa, valavu imachedwa kubwerera injini ikathamanga, ndipo pa tabo mpweya umakankhanso kumbuyo kwa valavu, ndiye sipuling'i yofooka imagonja msanga. Ine masipuling'i anga anali akale omwe aja, sindinawaganizire nkomwe, maso anali pa zonyezimira.

Ndiye achimwene, pa 1 bar pa 1JZ, bwezeranimo anu omwewo ngati sanapindike, miyendo sinadyeke ndipo m'mphepete simunapyapyale. Yezetsani magaidi, sinthani masilo, dulitsani mipando, yezani masipuling'i, mpata muuyeze ndi filageji injini ili yozizira inu mutaima pompo. Hedi isanakwere itembenuzeni muthire palafini muone ngati akudontha. Meticais otsalawo gulani geji ya wideband, yoonera kusakanikirana kwa mafuta ndi mpweya, ndi kulipira wotchuna injini. Tsiku limene mudzaike tabo imodzi yaikulu mudzandilemberenso, tidzakambe za Inconel. Pakadali pano nditumizireni zithunzi za mavalavu 12 a ekizoziwo, mujambule pafupi m'mphepetemo, pa dzuwa osati ndi tochi ya foni.